Kalata yotseguka: mapulani a Madamu asathere m'makatoni

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe ndi mbiri ya dziko,
Kwa akuluakulu a National Archives of Malawi,
Kwa akuluakulu a Mzuzu University ndi a MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences) ya ku Blantyre,
Kwa akuluakulu a Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu,
Kwa atsogoleri a Malawi Institute of Architects, bungwe la akatswiri ojambula nyumba,

Zikomo mabwana ndi madona, ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito zimene mwasenza m'malo mwa tonsefe. Ine ndine wojambula mapulani a nyumba kuno ku Mzuzu. Ndalemba poyera chifukwa nkhani ndabwera nayoyi ilibe ofesi imodzi imene ingati ndi yake. Aliyense wa inu wagwirako mbali, ndiye ndati muimvere limodzi, ndipo anthu a mumzinda uno amveko nawo.

Nkhani yake ndi ya mapepala a mayi wina amene ife tinadutsa m'manja mwawo timangowatchula kuti Madamu. Dzina lawo ndalisunga chifukwa banja lapempha choncho, koma amene mungafune kuthandiza mudzalimva tikakumana. Madamu anajambula mapulani kwa zaka zambiri, m'boma komanso m'kampani, kenako anaphunzitsa ntchito yomweyo ku yunivesite mpaka kupuma. Atapuma anabwerera kuno kumpoto. Lero ali moyo, mutu ukugwira bwinobwino, koma thupi lafooka, ndipo ana awo agwirizana zowatenga kuti azikakhala nawo ku Lilongwe. Nyumba yawo ilowa alendi. Palibe mlendi amene angalipire nyumba yonse chipinda chimodzi chili chodzaza ndi makatoni a eni ake.

M'chipindacho ndalowamo, ndipo ndikuuzeni zimene zilimo. Muli mapulani ojambula pamanja, ena ndi pensulo ena ndi inki, pa mapepala opyapyala aja oonekera kuseri amene tinkagwiritsa ntchito makompyuta asanafike. Ambiri ndi okulungidwa, ndipo timalamba ta labala timene anamangira tinasungunuka n'kusiya zipsera zakuda. Ukati ufunyulule limodzi mwaphuma, limathetheka m'mphepete n'kuyamba kuyoyoka. Muli makope amene ankapita kwa makontilakitala, ena afufuka moti mizere ikuoneka mwa apo ndi apo. Muli timabuku ta m'thumba timene ankalembamo akapita kukayendera ntchito: tsiku, nyengo, matumba a simenti amene afika, pamene mmisiri wakhotetsa khoma, zimene folomani walonjeza kukonza. Muli makalata okangana ndi makontilakitala pa nkhani ya matabwa a denga osauma, zithunzi za maziko asanakwiriridwe, manotsi a m'kalasi a chaka ndi chaka, mafunso a mayeso, ndi ntchito za ophunzira zimene iwo anaziona kuti n'zoyenera kusunga. Makatoni a pansi anayamwa chinyontho n'kuchita chuku. Mapini ogwirira mapepala anachita dzimbiri n'kudya ngodya. Kukona ya kuzenera chiswe chamanga kale njira yake kukwera khoma.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti munthu wofuna kupereka zinthu zoterezi kwaulere alibe khomo logogoda. Mwana wawo wamkazi ndi ine tinayendayenda kufunsa. Kulikonse anatilandira bwino, mpando anatipatsa, palibe amene anatinyoza. Koma yankho linali limodzi: kuno si kwake. Kwina anati awa ndi katundu wa banja, si za ofesi. Kwina anati amalandira mabuku osindikiza, osati mapepala omwazika. Kwina anatifunsa ngati Madamu anakhalapo m'ndale. Kwinanso anati tisiye kalata, bwana akabwera ku msonkhano adzatiitana. Maofesiwa sindiwatchula, chifukwa cholakwa si cha kalaliki amene anatiyankha. Iye amatsata zimene anapatsidwa, ndipo pa zimene anapatsidwazo palibe mzere wonena za mayi wokalamba amene ali ndi chipinda chodzaza mapulani.

Chikhalirecho njira ilipo. National Archives, imene inayamba ku Zomba mu 1947 ndipo lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1975, sisunga mafayilo a boma okha. Ili ndi gawo la zolemba zakale za mamishoni, za mabungwe ndi za anthu paokha, ndipo amene alemba mbiri ya Livingstonia akhala akutunga mmenemo. Koma banja wamba la ku Katoto kapena ku Chimaliro lingazidziwe bwanji zimenezi ngati palibe amene walifotokozera? Ndipo litazidziwa, ku Zomba ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Mapepala akuluakulu a mapulani, a saizi ya A1 ndi A0, amene auma chonchi sungawapinde n'kuwaponya m'chikwama. Akafika ali zinyenyeswa.

Dandaulo lachiwiri ndi limene ndikufuna mulimvetsetse kwambiri, chifukwa ambiri amaona ngati tikulirira chikumbutso cha banja. Nyumba zimene Madamu anajambula zikadalipo. Ana akuphunziramo, amayi akuchiriramo, anthu akupemphereramo. Nyumba iliyonse imafika nthawi yofuna kukonzedwa kapena kukulitsidwa, ndipo pa nthawi imeneyo pulani ndiyo imanena zimene maso sangaone: maziko anapita pansi bwanji, mu ring beam, lamba wa konkire womanga nyumba yonse pamodzi, muli zitsulo zotani, mapaipi ndi mawaya anadutsa pati, khoma liti lasenza denga ndipo liti langogawa zipinda. Kusunga nyumba n'kutaya pulani yake kuli ngati kusunga wodwala n'kutaya kabuku kake ka kuchipatala.

Ndipereke chitsanzo chimene ndinachiona ndi maso. Komiti ya sukulu ina ya kumudzi inapeza kangachepe n'kuganiza zogwetsa khoma la pakati pa makalasi awiri kuti papezeke holo yolemberamo mayeso. Maganizo ake abwino ndithu. Mmisiri anali atapezeka, zida zili pomwepo. Aphunzitsi aakulu, poti ndi munthu wosamala, anati tiyambe tafunsa odziwa, ndipo anandiitana. Pulani pasukulupo panalibe. Amene analipo pomanga anasamutsidwa kalekale, ena anamwalira. Nditaona kamangidwe ka mazenera ndi khonde ndinazindikira dzanja la Madamu. Tinakafufuza m'makatoni muja, ndipo inapezeka. Khoma limenelo ndilo linagwira makoma aatali awiri kuti asatseguke, ndipo mbali ina ya denga inatsamira pomwepo. M'mphepete mwa pepala munali chenjezo la inki yofiira, lolembedwa ndi dzanja lawo, loletsa kulikhudza popanda kuikapo china chosenza. Holoyo inamangidwabe, koma mwa njira ina. Ndikaganiza za ana atakhala mmenemo mphepo ya Julaye ikuomba pa malata, mtima umandithamanga. Ndipo chimene chinawatchinjiriza ndi katoni imene inali pamwamba, kumene chinyontho chinali chisanafike.

Mzinda wathuwu ukukula mothamanga. Unayamba mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung yotulutsa mafuta, unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 220,000. Yendani m'tauni muone mmene eni nyumba zakale akuonjezera zipinda pamwamba, akuboola makoma kuti papezeke mashopu. Malo athu ndi otsetsereka, ena ndi a m'dambo. Injiniya akasowa pulani yoyamba amayenera kukumba kuti aone maziko ndi kugogomola konkire kuti awerenge zitsulo, ndipo zimenezo ndi ndalama. Mwini nyumba akamva mtengo wake amangouza mmisiri kuti pitiriza, Mulungu alipo.

Dandaulo lachitatu ndi la dzina. Tengani pulani iliyonse yakale muyang'ane kumunsi, kudzanja lamanja. Pali kabokosi pamenepo. Dzina la unduna kapena la kampani lili m'zilembo zikuluzikulu, chidindo chili pambali, bwana wamkulu wasaina. Amene anachezera usiku kujambula ali pa kamzere kakang'ono, zilembo ziwiri kapena zitatu zoyamba za dzina lake. Nyumba ikatha, pa chimwala cha pakhoma pamalembedwa amene anatsegulira ndi amene anapereka ndalama. Izi zimagwera amuna ndi akazi omwe, koma kwa mayi zimapweteka koposa. M'nthawi yawo akazi pa ntchitoyi anali owerengeka. Ena anasintha dzina atakwatiwa, moti zilembo za pa mapulani a zaka zoyamba ndi za zaka zotsatira zikusiyana, ndipo wofufuza wa mawa adzayesa ndi anthu awiri. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akaona zilembo zopanda dzina amangoti anali bambo. Madamu amasimba akuseka kuti akafika pamalo omanga, amisiri ankayamba apereka moni kwa dalaivala, iwo n'kuwayesa mlembi wobwera kudzalemba mayina a aganyu. Amaseka, koma ine sindiona choseketsa. Umboni wokhawo woti nyumba zimenezi zinabadwira m'mutu mwawo ndi zojambula zoyambirira zija, zofufutafufuta, za dzanja lawo. Zikapita zimenezo, mbiri idzati kampani yakuti ndiyo inajambula.

Chaka ndi chaka timayenda m'masukulu a sekondale kuuza atsikana kuti asaope masamu ndi sayansi. Mtsikana wochenjera akafunsa kuti ndani wa kuno kwathu anachitapo, timatulutsa foni n'kumuonetsa nkhope za amayi a kunja. Pamene zoti timuonetse zili m'chipinda chotsekedwa, mtunda woyenda pansi kuchokera pasukulu yake.

Lachinayi ndi la manotsi a m'kalasi, ndipo ili limandiwawa monga wophunzira wawo. Mabuku ambiri amene tinkawerenga analembedwera mayiko ena, a nyengo ina ndi zipangizo zina. Madamu ankatenga zimenezo n'kuzitsitsa pa dothi lathu. Analemba za zidina ndi mdindo, za utali wa khonde woteteza khoma ku mvula yobwera chopingasa, za mazenera a pamwamba otulutsa mpweya wotentha m'chipinda cha odwala popanda magetsi, za kusiyana kwa kumanga kumtunda kozizira kuno ndi kumanga kunyanja ku Nkhata Bay. Zivomerezi zitagwedeza Karonga mu Disembala 2009, anapita kukaona okha. M'kabuku ka ulendowo muli ming'alu yojambulidwa nyumba ndi nyumba: yoyambira pa ngodya za mazenera, makoma a nsonga ogwera kunja, makona otseguka pamene panalibe lamba womanga nyumba yonse pamodzi. Mvula yoopsa itagwetsa nyumba mumzinda muno mu Epulo 2016, m'madera ngati Masasa, anali atapuma kale, komabe analemba zimene anaona za madzi opanda ngalande ndi maziko a matope. Ndipo pamene malamulo a 2018 anayamba kuletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, iwo anali atayesa kale ndi ophunzira awo njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pa makina, n'kulemba dothi limene linagwira ndi limene linakana. Zoterezi sungazigule m'sitolo ya mabuku. Tikazitaya tidzalipira katswiri wochokera kutali kuti adzatiuze zomwezo, atagona kuhotela masabata awiri.

Mabwana ndi madona, anthu a ku Mzuzu sitifunika kuphunzitsidwa mmene mapepala amathera. M'bandakucha wa pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Tinalira tonse. Anthu akufuna kwabwino anatumiza mabuku, ndipo mashelefu anayambanso kudzaza, chifukwa buku losindikiza lili ndi anzake kwina. Koma cholembedwa pamanja n'chimodzi chokha padziko lonse. Ngakhale mbiri ya boma lenilenilo ili ndi chibowo: moto umene unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba mu 1919 unapita ndi mafayilo ambiri a zaka zoyamba za utsamunda, ndipo ofufuza akuvutika nacho chibowocho mpaka lero. Moto umamveka, umatuluka m'nyuzipepala. Chinyontho cha kuno ndi chiswe zimagwira ntchito yomweyo popanda amene wakuwa, m'nyumba za anthu opuma pantchito, chaka ndi chaka.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa manyazi pang'ono. Laibulale itapsa, aphunzitsi ndi ophunzira a zojambula nyumba a ku Virginia Tech ku America anathandiza kujambula pulani ya laibulale yatsopano. Ku yunivesite yomweyo kuli malo otchedwa International Archive of Women in Architecture, amene anayambitsidwa mu 1985 ndi Milka Bliznakov, mayi wobadwira ku Bulgaria amene naye anali wojambula nyumba komanso mphunzitsi. Iye anaona kuti ntchito za akazi anzake zikutayidwa eni ake akakalamba, ndipo anayamba kuwalembera makalata kuwapempha kuti asataye. Lero malowo akusunga mapepala a amayi a m'mayiko ambiri. Chaka chimene iye ankayamba ndicho chaka chimene Mzuzu anakhala mzinda. Ndiye kuti anzathu amene anatithandiza kujambula nyumba yosungiramo mabuku akhala akuchita kwa zaka zonsezi chimene ife tikulephera kuchitira mayi mmodzi wa pakhomo pathu. Ana a Madamu atatopa n'kufunafuna malo kunja, ine sindingawadzudzule. Koma wophunzira wa ku Luwinga adzafunika pasipoti kuti akaone pulani ya sukulu ya kwawo, ndipo komiti ya sukulu ija singafikeko n'komwe.

Wina anena kuti masiku ano n'zosavuta, ingojambulani pa foni muike pa intaneti. Foni imapotoza muyeso, ndipo pulani yopanda muyeso wolondola ndi chithunzi chabe. Pamafunika sikana yaikulu, ndipo pepala louma liyenera kuyamba lafewetsedwa ndi kuwongoledwa ndi munthu wodziwa lisanalowe m'makina, apo ayi makinawo ndi amene alimalize. Komanso musanajambule muyenera kudziwa chimene mukujambula: nyumba iti, ya kuti, chaka chiti, yomangidwa kapena yongoganiziridwa. Zithunzi zikwizikwi zopanda mndandanda ndi katoni ina, yongosamukira mu kompyuta. Ndipo kompyuta nayo si yodalirika monga timaganizira. M'makatoni omwewo muli madisiki akale a zaka zimene Madamu anayamba kugwiritsa ntchito AutoCAD, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani. Makina owerengera madisikiwo sapezekanso wamba, pamene pensulo ya zaka zam'mbuyo kwambiri ikuwerengeka ndi maso. Kusikana n'kofunika, ndipo ndikupempha, koma kumabwera pambuyo pa chipinda chouma ndi mndandanda.

Za ndalama ndikudziwa kuti mutchula, ndipo sinditsutsa kuti thumba la boma ndi loperewera. Koma gawo loyamba silifuna mamiliyoni. Likufuna chipinda chosadontha chokhala ndi loko, mashelefu okwera kuchoka pansi, mafoda, mapensulo, ndi munthu mmodzi wosaina kuti walandira. Manja alipo kale. Mzuzu University ndi kumene dziko lino limaphunzitsira osunga mabuku ndi zolemba, ndipo ophunzirawo amasowa pochitira zimene aphunzira. Ophunzira zojambula nyumba ku MUBAS angawerenge mapulani amene wosunga mabuku sangawamve. Awiriwa atakhala patebulo limodzi tchuthi chimodzi, ntchito yaikulu itatha.

Ndilankhuleko pang'ono kwa inu amene mukumvera kumbali. Pogawa katundu wa malemu, mipando imapeza mwini, firiji imapeza mwini, galimoto mpaka anthu amadana. Makatoni a mapepala amatsala pakhonde, kenako amakolezera mbaula kapena kukathera pachiwaya kukulunga tchipisi. Ngati kwanu kuli mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena mmisiri amene anasunga zolemba za ntchito yake, zichotseni pansi lero, muchotse mapini ndi timalamba, musamate selotepi, musakutire ndi pulasitiki wootcha uja, ndipo mufunseni mwini wake akadali moyo kuti ichi n'chiyani. Anzanga ojambula mapulani, nafenso tisadzinamize: ntchito zathu zili mu laputopu imodzi, pasiwedi ili m'mutu mwa munthu mmodzi.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Mvula isanayambe, mmodzi wa inu atumize munthu wodziwa kusunga zolemba kuti akaone makatoniwa, ndipo papezeke chipinda chouma muno mu Mzuzu chowasungiramo mongoyembekezera, ndi kalata yosainidwa yosonyeza zimene zalandiridwa. Zoti mwini wake weniweni adzakhala ndani mukambirane mapepalawo ali pouma.

2. A National Archives alembe pepala limodzi losavuta, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lofotokoza mmene munthu wamba angaperekere zolemba zake kapena za m'bale wake: aonane ndi ndani, abweretse chiyani, ayembekezere yankho pakapita nthawi yotani. Lipachikidwe m'maofesi awo, m'malaibulale ndi m'makhonsolo, ndipo limvekenso pa wayilesi. Wopereka wa kumpoto athe kuperekera konkuno.

3. A Mzuzu University apatule ngodya mu laibulale yawo yosungiramo mapulani ndi zolemba za akatswiri a zomangamanga a m'chigawo chino, yokhala ndi makabati a madirowa otambalala kuti mapepala azigona chogona, osakulungidwa. Kulemba mndandanda kukhale gawo la maphunziro a ophunzira awo mothandizana ndi a MUBAS, ndipo zikasikanidwa, kope ina ikasungidwe ku Zomba, ina ku Blantyre. Tinaphunzira mu 2015 kuti zinthu zonse zisamakhale pansi pa denga limodzi.

4. Madamu ajambulidwe mawu akufotokoza mapulani awo limodzi ndi limodzi, asananyamuke. Ili ndi pempho limene silingadikire bajeti ya chaka chamawa. Ndi iwo okha amene angaloze pepala n'kunena kuti iyi inamangidwa, iyi ndalama zinathera panjira, iyi anasintha denga ine ndisakudziwa. Pakufunika chojambulira mawu, wofunsa woleza mtima, ndi masana angapo.

5. Pakhale mgwirizano wolembedwa ndi banja. Unene za umwini wa zojambulazo molingana ndi lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso, unenenso zimene zisatsegulidwe kwa aliyense. Pulani ya nyumba ya munthu imaonetsa chipinda chogona ndi khomo la kuseri. Malikisi a ophunzira ndi makalata a m'banja si za pagulu. Mabanja ambiri amaumira ndi mapepala chifukwa choopa zimenezi, ndipo mantha awo ndi omveka.

6. A Khonsolo, inu mumalandira mapulani a aliyense wofuna kumanga mumzinda muno. Tiuzeni poyera mmene mwini nyumba kapena komiti ya sukulu ingapezere kope ya pulani yakale, ndipo muyambe kufuna kuti dzina lonse la wojambula lizilembedwa pa pulani ndi m'kaundula wanu, osati zilembo zoyamba zokha.

7. A Malawi Institute of Architects, mothandizana ndi bungwe limene limalembetsa akatswiriwa m'kaundula, alembe mayina a mamembala onse amene anapuma, kuyambira amayi, ndipo afunse aliyense kumene mapepala ake ali. Mayunivesite nawo azifunsa mphunzitsi aliyense wopuma pantchito ngati ali ndi zolemba zofuna kusiya, tsiku lomwelo limene akubweza makiyi a ofesi.

8. Olemekezeka a Nduna, muloze ofesi imodzi imene izitsogolera nkhaniyi kuti enawa asamangolozerana, muipatse kangachepe koyambira, ndipo yankho lanu limveke poyera monga mmene kalatayi yamvekera.

Ife ophunzira awo amene tili muno mumzinda tachita zimene tikanatha. Makatoni tawakweza pa matabwa, amene ananyowa tawasiyanitsa ndi ouma, njira ya chiswe taigumula ngakhale tikudziwa kuti chibweranso. Tayamba kulemba m'kope zimene zili m'katoni iliyonse, Madamu atakhala pampando pakhomo akutikonza tikalakwitsa dzina la malo. Galimoto yonyamulira tipeza tokha, mafuta tisonkha, onyamula ndife tomwe. Alendi auzidwa kuti alowa kumayambiriro kwa Disembala. Tiuzeni khomo limene tikatsitsire ndi dzina la amene akasaine.

Ine wanu mwaulemu,
Wojambula mapulani, wophunzira wakale wa Madamu,
Mzuzu